Pulopela ya a Januário

Germiston, 3 Março 1985

Okondedwa Ababa,

Moni wa masiku ambiri. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa amayi, ndi wa mlongo wanga Bertina amene akukuwerengerani kalatayi. Iwe Bertina, uwerenge zonse, usadumphe pamene sipakukusangalatsa. Ine kuno ndili bwino, kupatula chala chamkombaphala chimene chinang'ambika mpaka fupa kuonekera. Chikupola, koma ndi chimene chapendamitsa zilembozi.

Kumgodi ndinachoka. Tsopano ndikugwira kwa Mbunu wina wa galaja amene timamutcha Chindevu. M'kati mwa sabata ndimasesa ndi kutsuka zitsulo, koma Lamulungu ndiye tsiku la misala. Bambo wamkuluyu, wa zidzukulu kale, amaseweretsa tindege. Musaseke, Ababa. Ndi ndege ndithu, mapiko ake kutalika ngati ine nditatambasula manja, injini yake ngati chibakera cha mwana, ndipo imauluka yokha mwini wake ataima pansi akugwedeza timitengo pa kabokosi ka radiyo. Mafuta ake amasakaniza ndi a nsatsi, moti ikalira ndimamva fungo la kwathu, mtima n'kuwawa.

Kutsogolo kwa injini kuli kathabwa kotchedwa pulopela. Kali ngati zipande ziwiri zolumikizana kumichira, chilichonse chopotoka pang'ono, ndipo kakamazungulira ndiko kamakoka ndege. Ntchito yanga ndi kugwada n'kukakankha ndi chala kuti injini idzuke. Injiniyo ikakwiya imabweza, ndiye zimene zinachitikira chala changa. Magazi anadonthera pa phiko. Chindevu anandipatsa mbama chifukwa cha phikolo, chalacho sanachiyang'ane n'komwe.

Tsono nkhani ndi iyi. Munthuyu satha kutera bwino, Lamulungu lililonse amathyola mapulopela, ndipo ndi okwera mtengo poti amachokera kunja kwa nyanja. Ine pakamwa panga mukupadziwa. Ndinamuuza kuti bambo anga, a Januário a ku Ntengo-Wambalame, amasema chilichonse chimene maso awo aona. Wati muyese, akakhala abwino adzagula. Ndatumiza imodzi ndi kalatayi ku Lizulu, kwa António wa njinga uja, adzakubweretserani akamabwera ndi mchere. Museme ndi mbawa wouma. Kutalika kwake ndi mainchi dez, ndiye khumi, kupotoka kwake amati seis, ndiye sikisi, koma manambalawo asakuvuteni, ingoyang'anani imene ndatumizayo. Musawonjezere, musachepetse. Injini iliyonse ili ndi pulopela yake, monga khasu lililonse lili ndi mpini wake.

Ndamva kuti anyamata akutchire anatentha chigayo cha kwathu n'kudula makutu a Rafael wogayitsa uja. Kodi ndi zoona? Ndamvanso kuti amayi akufuna muwolokere ku Malawi, kwa azakhali ku Lizulu, inu mukukana chifukwa cha kachewere wa kudimba. Ine ndili mbali yanu. Anthu amenewo amafuna masitolo ndi asekeretale a chipani, sangataye nthawi ndi nkhalamba yosema mithiko. Ku Lizulu mukasemera pati, m'nyumba ya eni? Khalani kaye, tione ntchitoyi.

Ndaika sopo ndi nsalu ya amayi. Bertina asaitenge.

Ndine mwana wanu,
Zeca


Germiston, 19 Maio 1985

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndikulemba nditagona chafufumimba chifukwa msana sukufuna kukhudzidwa, ndipo amene mwandigoneka chonchi ndinu.

Ndinati chiyani? Ndinati musawonjezere. Phukusi litafika ndinamasula ndi chimwemwe, ndikupeza mapulopela onenepa, iliyonse yapitirira zala ziwiri mbali iyi, zala ziwiri mbali iyo. Bertina walemba mawu anu kuti, "Kamene unatumiza kanali koonda, ndakusemera amphamvu, mzungu asamati timaumira mtengo." Ababa, chizolowezi chanu cha pa mipini ndimachidziwa, mumasiya wautali kuti wogula akadule yekha kwawo. Pa mpini ndi ulemu. Pa ndege ndi imfa.

Manyazi anandigwira kunena kuti bambo anga alakwitsa, ndiye ndinamangirira imodzi Chindevu ali kucheza ndi anzake. Injini inadzuka, koma kaliridwe kake kanali kobuula, ngati ng'ombe yokoka ngolo yodzadza pa chitunda. Pulopela ikakula injini imalemedwa, siifika pa liwiro lake, imangotentha. Ndege inanyamuka mokakamiza, inazungulira kamodzi, utsi, kenako zii. Inatsika chamutu n'kuboola galasi la galimoto ya Mbunu mnzake, mkazi wake ali momwemo akuluka. Magalasi anamucheka kumaso, magazi mpaka pa malaya.

Chindevu anatola chibenthu cha pulopela, anachiyang'ana, anandiyang'ana ine. Sanafunse kanthu. Anatenga lamba wa injini m'galimoto mwake n'kundikwapula pamaso pa onse, anzake awiri atandiponda manja. Ndinaluma udzu kuti ndisalire. Ndikanakhala ndi mpeni tsiku limenelo bwenzi kalatayi mukuilandira kuchokera kundende, ndipo sindikanadandaula.

Komabe tamverani. Nditadzuka ndinatenga imodzi mwa otsalawo, ndinadula nsonga, ndinapala ndi tupa mpaka inafanana ndi ya kusitolo. Ndinamupempha ayese. Anatukwana amayi anga, koma anayesa. Ndege inakwera ngati yaitanidwa kumwamba. Mtengo wanu ndi wabwino kuposa wawo, ndiye wati musemenso.

Tsono nthawi ino gonekani yanga ija pamwamba pa thabwa, mulembe ndi khala, mudule momwemo. Mukamaliza lowetsani msomali pa bowo la pakati n'kuugwira chopingasa. Pulopela ikagwera mbali imodzi, palani mbali yolemerayo mpaka igone mofanana, chifukwa yolemera mbali imodzi imagwedeza injini mpaka zomangira kumasuka. Komanso musapse mtima n'kuchepetsa dala, ndimakudziwani. Ikachepa injini imathamanga yopanda katundu, imalira ngati nkhumba pa mpeni, mpaka chitsulo cha m'kati kuduka.

Kunonso kwatentha. Ku lokishi kumene ndimagona apolisi amalowa ndi magalimoto achitsulo, kuwombera aliyense wothamanga. Sabata yatha anyamata anagwira munthu amene ankati ndi kazitape, anamuveka tayala m'khosi n'kuliyatsa. Ndinadutsa pomwepo popita kuntchito, fungo lake silinandichoke m'mphuno. Zina ndidzanena pakamwa.

Amayi ndawamva za kuwoloka. Auzeni adekhe pang'ono.

Zeca


Germiston, 11 Agosto 1985

Okondedwa Ababa,

Moni, moni, a mmisiri! Muli bwanji ndi amayi? Chifuwa chija chinatha? Ine msana unauma, zipsera zokha ndiye ndidzabwera nazo.

Awa ndiye mapulopela. Ndinawaika onse pa msomali pamaso pa Chindevu, palibe ndi imodzi yomwe inagwa mbali. Anakanda ndevu zake n'kunena kuti, "Nkhalamba yako ili ndi manja." Kwa munthu ameneyu mawu amenewo ndi phwando. Ndinalira kumbuyo kwa galaja, Ababa, sindibisa. Mtengo wa kwathu ukuuluka pamwamba pa Joni, Mabunu atakweza mitu.

Tsopano anzake onse akufuna. Koma samalani, poti injini zawo ndi zosiyana. Ndatumiza zitsanzo ziwiri zatsopano. Ya ulusi wofiira ndi onze por sete, ndiye kutalika 11 kupotoka 7, ya injini zazikulupo. Ya ulusi wakuda ndi doze por seis, kutalika 12 kupotoka 6, yaitali koma yosapotoka kwambiri, ya ndege zolemera zimene zimafuna mphamvu yokwerera osati liwiro. Ndaphunzira kuti ukawonjezera kutalika uyenera kuchepetsa kupotoka, apo ayi injini walemetsa. Ndimatha kumva ndi khutu lokha tsopano kuti iyi yalemedwa, iyi yapepukidwa. Museme ambiri a mtundu uliwonse, musawasakanize. Mukapaka mafuta musawaunjike m'nyumba, amapindika. Apachikeni pakhonde ndi ulusi, pamthunzi pamene mphepo ikupita.

Za lole imene inaphwanyidwa pa msewu wa ku Tsangano ndamva. Ndamva kuti a Guilhermina a kumudzi kwathu aja anali momwemo ndi thumba lawo la nyemba, ndi kuti amene anatuluka amoyo m'moto anamalizidwa ndi zikwanje. Mukapepese kubanjako m'malo mwanga. Bertina walemba kuti masiku ano mukugona kuthengo, kunyumba mumangobwera kukacha, ndi kuti amayi anamanga kale katundu wawo. Walembanso mawu ake ake, akuti ine ndikusunga bambo ake pakamwa pa mfuti chifukwa cha zidole za azungu. Iwe Bertina, sopo amene ukusambira akuchokera ku zidole zomwezo, pakamwa ngati pa chule.

Koma ndamva. Tichite chonchi. Malizani awa okha, musapitirize. António akadzawatenga, inunso nyamukani naye limodzi, sompho ndi tupa m'thumba, pronto. Ndalama ya ntchito imeneyi ndi imene mudzamangire kanyumba kanu ku Lizulu, musakakhale opempha kwa azakhali. Mwezi umodzi kapena iwiri si kanthu.

Ndatumiza bulangete. Ndi lanu, Ababa, la kuthengoko.

Mwana wanu,
Zeca


Germiston, 24 Novembro 1985

Amayi anga,

Ndilibe moni wabwino woti ndikupatseni. Ndikungothokoza Mulungu kuti inu ndi Bertina mwafika amoyo ku Lizulu. Mapazi otupawo muziwaviika m'madzi amchere. Ine thupi lili bwino, zina zonse ayi.

Kalata ya Bertina ndaiwerenga mpaka yang'ambika mopindamo. Ndikufuna ndibwereze zimene ndamva, mundiuze ngati ndalakwitsa pena, chifukwa mutu wanga ukukana. Akuti anyamata akutchire aja anafika m'mawa, anthu atangobwera kuchokera kuthengo. Anazinga mudzi, anatentha nkhokwe, amuna anawagwadika pamzere pabwalo la tchalitchi. A Jeremias akatekisita anawaphwanya mutu ndi munsi akazi awo akuona. Anayamba kumapeto kwa mzere ndi nkhwangwa, kuti asawononge zipolopolo, ndipo ababa anali chapakati.

Kenako akuti komandante wawo anadutsa pa nyumba yathu asanaiyatse, n'kuona mapulopela akuzungulira pakhonde ndi mphepo. Anabwera nayo imodzi pabwalo n'kufunsa kuti, "Mekaniko wa ndege ndani pano?" Ababa anakweza dzanja n'kuti, "Ndasema ndine, koma ndege sindinaikwerepo." Anawadzutsa pamzere, anawamanga chingwe m'chiuno, anawasenzetsa zida zawo zosemera. Amene anawatsatira ndi maso akuti analowera kumadzulo, njira ya ku Macanga, ku nkhalango za kuseri kwa Furancungo. Amene anali kumanja kwawo ndi amene anali kumanzere kwawo pamzere paja, onse anaikidwa m'dzenje limodzi.

Amayi, mapulopela amenewo ndi amene anawasunga pamudzi, ndi omwewonso awachotsa pansi pa nkhwangwa. Sindikudziwa ndiwatukwane kapena ndiwathokoze. Bertina sanalembe mawu oipa ngakhale amodzi nthawi ino, ndipo zimenezo zandipweteka kuposa akanandilalatira.

Ndachita zinthu kuno. Munthu wina wa ku Gaza, kummwera kwa dziko lathu, amene timagona chipinda chimodzi atamva nkhaniyi anati bola bambo ako akwezedwa pantchito, tsopano ndi mekaniko wa matsanga, anyamata akutchire aja. Ndinamumenya ndi chitsulo cha bedi, mano atatu pansi. Anzathu anandigwira ndisanamalize. Sanapite kupolisi poti nayenso alibe mapepala. Ndikudziwa mukhumudwa, koma mukamva kwa ena zidzakula.

Ndimafuna kubwera. Koma ndikabwera ndidzatani, ndidzalowa m'nkhalango ndi manja? Ndipo mudya chiyani? Ndikhala kaye. Uzani António atchere khutu. Anthu akutchirewo amatuma akazi kumalire kudzasinthanitsa nyama ndi mchere, ndipo António amawadziwa. Afunse za nkhalamba yosema, yaitali, ya chipsera pachibwano. Chilichonse chimene amve mundilembere tsiku lomwelo.

Ndatumiza kangachepe kudzera ku positi. Mugule ufa ndi mphika, zotsala musunge.

Mwana wanu,
Zeca


Germiston, 19 Janeiro 1986

Amayi,

Ali moyo! Ndawerenga mawu amenewo nditaima pa msewu, ndinafuula mpaka agalu a azungu anauwa. Muli bwanji inu? Bertina malungo aja achoka? Ine ndili ndi mabala pang'ono, ndifotokoza, koma werengani msanga kalatayi chifukwa ili ndi ntchito.

Uthenga wa António ndaumva chonchi. Ku baze, msasa wawo wa m'nkhalango kumene akusungidwa ababa, kuli ndege yeniyeni yaing'ono imene inatera moipa n'kuthyola pulopela, zibenthu zake zinatayika m'tchire. Komandante akufuna ababa aseme ina. Ababa ayankha kuti sangayambe popanda muyeso, ndipo muyeso ali nawo ndi mwana wawo wa ku Joni yekha. Komandante walola kuti uthenga udutse kudzera mwa akazi a mchere aja, ndipo akudikira yankho. Amayi, bambo anga sanandipemphepo kanthu chibadwire changa. Lero andipempha, ndipo moyo wawo uli pamenepo.

Ndinayamba ndi Chindevu. Sindinamuuze za kwathu, ndinangofunsa kuti ndege ya anthu anayi, ya injini imodzi, ya mapiko pamwamba, monga ananenera António, imafuna pulopela yotani. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati kandege ndi ndege si zimodzi, sungangochulukitsa manambala, uyenera kudziwa dzina la injini. Anatinso za ndege zenizeni samasema ku chipika chimodzi, amamata matabwa ambiri owuma. Ndinamusiya akuseka. Dzina la injini ndikalitenga kuti ine?

Kuno kuli bwalo la ndege zing'onozing'ono. Lamulungu masana, alonda ali ku chakudya, ndinadumpha waya ndi chingwe m'thumba. Ndinapeza ndege yofanana ndi imene ananena António. Ndinayeza pulopela yake kuchokera nsonga mpaka nsonga, ndinamanga mfundo. Ndinayeza kufutukuka kwake pafupi ndi pakati, pakatikati ndi kunsonga, mfundo, mfundo, mfundo. Kupotoka ndinakugwira ndi waya wofewa, kuupinda motsatira thabwa. Ndikumaliza, galu. Anandigwira katumba n'kung'amba ngati nsanza. Alonda anabwera atatu ndi zibonga, anandimenya m'nthiti ndi m'mutu mpaka ndinaleka kumva. Ankafuna kudziwa chimene ndaba. Anandipisa m'matumba osapeza kanthu, chifukwa chingwe ndinali nditachimanga m'chiuno m'kati mwa buluku, waya ndinaponya kuseri kwa mpanda. Ananditaya kunja kwa geti. Ndinakwawa, ndinatola waya wanga.

Nthiti ziwiri zathyoka, ndikapuma zimalasa. Si kanthu.

M'phukusili muli chingwe, mawaya atatu opindidwa, ndi pulopela yaing'ono imene ndasema ndekha yoonetsa mbali yopotokera. Musakhudze mfundo, musawongole mawaya. Positi sindinaikhulupirire, imatha miyezi. Ndagulitsa jekete, wailesi ndi njinga yanga, ndalipira dalaivala wa lole yopita ku Lilongwe kuti akupatseni pamanja podutsa pa Lizulu. Mu envulopu yaing'onoyo muli ndalama za António. Zonse ndi zake, koma anyamuke tsiku lomwelo, asadikire akazi a mchere, awatsatire yekha kumene amagona. Mvula isamuletse, mantha asamuletse. Mumuuze kuti Zeca wati akachedwa adzaonana.

Ndipo akawauze ababa mawu awa: nthawi ino musawonjezere ngakhale chala chimodzi. Mukamaliza adzakumasulani, munthu wakupangira ndege sungamuphe.

Pempherani, Amayi. Ine ndayambanso.

Zeca


Germiston, 16 Março 1986

Amayi,

Moni. Ndalandira mawu oti phukusi linafika ndi kuti António anapita n'kubwerako bwino. Mulungu amudalitse, ndidzamugulira matayala atsopano. Koma bwanji palibe china? Anawaona ndi maso ababa, kapena anangopereka kwa alonda? Anati chiyani atalandira? Akudya? Bulangete lija ali nalo?

Ntchito kwa Chindevu inatha. Anati safuna munthu wotsimphina amene amagwetsa zinthu. Ndinamuuza mawu amene sindingalembe pano, iye anatulutsa mfuti, tinasiyana choncho. Panopa ndikusenza matumba kumsika, mwendo ukutuluka mafinya koma ukuyenda. Mwezi uno ndatumiza zochepa, mundikhululukire.

Pa wailesi ya mnzanga akunena za nkhondo yaikulu ku Tete, akuti atropa, asilikali a boma, alowa m'nkhalango. Sakutchula malo. Ndikawerengera, pulopela yotere munthu wa manja ngati ababa sangathe nayo mwezi. Ndiye ayenera kuti ali m'njira. Bertina azipita kumsika wa pamalire tsiku lililonse, aziyang'ana amene akufika. Akhoza kukhala ataonda, ayang'anitsitse.

Mundilembere ngakhale palibe chonena.

Zeca


Germiston, 8 Junho 1986

Amayi anga okondedwa,

Ndalandira. Musadandaule za thanzi langa, ndili moyo. Ndikufunsa za inu, ngati mukudya, ngati pali amene akukhala nanu pafupi.

Bertina wachita bwino kulemba zonse zimene ananena a Caetano, bambo amene anali ndi ababa ku baze kuja n'kuthawa. Akuti inu munatuluka panja iwo atangoyamba kufotokoza, munangomva zoti ababa anatisiya ndi zoti zinachitika António atapereka phukusi. Akuti kuyambira tsikulo António mukumutcha wakupha, munamuthira madzi a ziwiya pamsika, ndipo ana a azakhali anamuthyolera njinga n'kumutupitsa diso. Ndiye ndikulemba kuti mumve zimene simunafune kumva. Bertina, werenga pang'onopang'ono, akatuluka uwatsatire.

A Caetano akuti ababa atangoiona ndege ija anadziwa kuti ntchitoyo singatheke. Anawanong'oneza kuti, "Achimwene, mbawa wouma wa msinkhu uwu kulibe m'nkhalango muno. Wauwisi ndikhoza kusema, koma tsiku limene adzauzungulitse udzang'ambika, ndipo tsiku limenelo ndi langa." A Caetano anafunsa kuti nanga mwavomereranji. Ababa anati, "Sindinavomere, ndapempha muyeso. Ku Joni ndi kutali. Uthenga upite, mwana akafunse azungu, azungu amunyoze, kalata igone ku positi. Pofika ndiye kuti mvula yatha, mitsinje yaphwa, atropa ayamba kuyenda. Munthu amene akudikira muyeso samuphera."

Ndipo sankawapha, Amayi. Ankawapatsa chakudya chabwino kuposa akaidi ena. Ankakhala pamthunzi akusemera akazi a komandante mithiko ndi zipande, akusekedwa kuti mekaniko. Komandante akafunsa, iwo ankangoti tidikire mwana.

Phukusi langa linafika mwezi usanathe. A Caetano akuti komandante anaitanitsa ababa n'kuwaponyera chingwe pamiyendo. Ababa anachitola, anayendetsa zala pa mfundo zonse, anayang'ana mawaya ndi kapulopela kanga kaja. Anakhala pansi n'kuseka pang'ono. Anati, "Mwana uyu wayeza bwino." Kenako anapempha nkhwangwa kuti akadule mtengo.

Anakoka masiku mmene akanathera, koma muyeso unalipo, chonamizira panalibe, ndipo anawaikira mnyamata wa mfuti pambali. Anasema ndendende monga mwa chingwe. Tsiku loyesa baze yonse inasonkhana. Injini inavuta, kenako inadzuka, pulopela inazungulira, anthu anayamba kuvina. Atawonjezera moto inang'ambika pakati. Chibenthu chimodzi chinauluka n'kudula khosi la mng'ono wake wa komandante amene anaima kutsogolo akuwomba m'manja. Chotsalacho anachimasula pa injini n'kumenyera nacho ababa. A Caetano akuti ababa sanalire nthawi yaitali. Mtembo anaukokera kumtsinje, sanalole munthu kuukwirira.

Pasanathe sabata ziwiri atropa anafika ndi ndege zawo, baze inabalalika, akaidi anathawa. A Caetano ndi mmene anapulumukira, pamodzi ndi ena ambiri amene ankagona khumbi limodzi ndi ababa. Akanakhala kuti ankadikirabe muyeso, bwenzi atafika nawo limodzi pa Lizulu.

Chiwerengereni kalata ya Bertina sindinamenye munthu. Ndikufunafuna woti ndimumenye, sindikumupeza. Chindevu anandiuza poyera kuti sizisemedwa ku chipika chimodzi, ine ndinamva kuseka kwake kokha. Ndinali wokondwa, Amayi. Agalu akundiluma, nthiti zikuthyoka, ine mumtima ndinkanyada kuti bambo anga atuma ine.

Za maliro chitani monga akulu anenera, poti thupi palibe. Musandidikire pometa, mwendo sungandifikitse msanga, ndidzameta kuno ndekha. Ndatumiza zimene ndinali nazo. Mugule nsalu ndi ufa wa anthu obwera, koma choyamba mukonzetse njinga ya António, ndipo mupite nokha kwawo mukamupepese. Munthu uja anayenda pansi m'mvula, anadutsa pakati pa mfuti, sanagone panjira ngakhale akazi a mchere anamuuza kuti palibe chothamangira. Musamutukwanenso. Anathamanga chifukwa ine ndinamulipira kuti athamange.

Ndine mwana wanu,
Zeca